Boti Lobwera ndi Kabichi

Abale anga, ndiyamikireni, ndagula nyumba! Khonde lili mbali zonse, madzi safuna mpopi, ndipo oyandikana nawo akandisokosa ndimangozula nangula n'kusamuka nayo. Inde, ndagula boti. Ine mwana wa ku Ntcheu, amene madzi akuya omwe ndinkawadziwa ndi a pachitsime cha kudimba, lero ndikugona pamafunde kuno ku Chilumba.

Musathamangire kuseka, imvani kaye mmene zinayambira.

Chibwerereni kudzaphunzitsa kuno, mayi akunyumba, a Nangozo, anatsala kumudzi. Anabwerapo kamodzi n'kuona kachipinda komwe ndinkachita lendi, ka malata ogunda m'mutu, kotentha ngati uvuni ya masikono. Kutacha anamanga chitenje n'kunena kuti, "Bambo a Chisomo, mukadzapeza nyumba yoti munthu n'kupumiramo mpweya, mudzandiitane." A Nangozo sabwereza mawu. Ndiye ndakhala ndikudya ndekha, kudwala malungo ndekha, kuseka nthabwala za pawailesi ndekha. Ndinene mosabisa, ndinawasowa kwambiri mayi amenewa.

Tsiku lina ndikuwongola miyendo padoko ndinaona boti lalikulu lamatabwa, lokalamba, utoto utasupuka. Ndinakwera n'kukhala pathabwa lapakati. Kamphepo komwe kanandiwomba pamenepo! Nzeru inangoti gwa m'mutu: nyumba yopumiramo mpweya si imeneyi?

Mwini wake anali a Gondwe, msodzi amene anasiya ntchito ana ake atapita kukachita geni ku Songwe. Iwo amanditchula asambizgi, kutanthauza aphunzitsi.

"Asambizgi, ukonde muli nawo?"

"Ayi, dada."

"Injini?"

"Ndilibe."

"Sono boti mukufuna la vichi?"

"Logonamo."

A Gondwe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, kenako anaitana akazi awo kuti nawonso adzamve ndi makutu awo.

Koma anandigulitsa. Tinamata ming'alu ndi phula, tinakhoma denga la lona, ndinayala mphasa ndi matiresi, neti ya udzudzu pamwamba, mbaula m'beseni la mchenga kuti ndisawotche nyumba. Kupalasa ndinaphunzira ndi manyazi, chifukwa masiku oyamba boti linkangozungulira malo amodzi ngati nkhuku yachitopa. A Gondwe anandisiyira lamulo limodzi: kugona ndizigona pamadzi, kuseri kwa miyala komwe mafunde safika, koma m'mawa ndisanapite kusukulu boti lizikokeredwa pamchenga, chifukwa mwera ukayamba dzuwa litakwera susiya kanthu.

Ndipo ndinaimba foni kumudzi. "Amayi a Chisomo, nyumba yapezeka, mphepo yake simungaimvetse. Bwerani Loweruka." Zakuti nyumbayo imayandama ndinaona kuti ndi nkhani yokambirana pamaso.

Lolemba m'mawa ndinapalasa kulowera kumtunda, nditavala kale tayi. Ndisanagunde mchenga ndinangoona anthu akuthamanga, azibambo, achinyamata, amayi ndi mabeseni awo. Anagwira chingwe, wina anayambitsa nyimbo, boti lija linakwera pamchenga ine ndili momwemo ngati mkwati. Misozi inalengeza m'maso. Ndinati mumtima, anthu a kuno ndi achikondi bwanji! Ndinatsika, ndinagwira chanza aliyense, "Yewo, yewo chomene," zikomo wa kuno ameneyo, n'kunyamula makope anga.

Koma anthu aja sanabalalike. Ankangosuzumira m'boti. Mayi wina wamasiye, a NyaMhango, anafika potukula matiresi anga n'kuyang'ana pansi pake. Ine ndinaganiza kuti akusirira kakonzedwe.

Lachiwiri anabwera ochepa, nyimbo panalibe. Lachitatu anabwera madala awiri okha. Lachinayi ndinafika padoko anthu onse ali otanganidwa modabwitsa, wina akusoka ukonde, wina akuyang'ana kumapiri a ku Tanzania ngati wawaona koyamba. Ndinakoka ndekha mpaka msana unalira, boti linangokwera mphuno yokha. Mwera unabwera ndili m'kalasi. Pobwerera ndinapeza nyumba yanga itapendekeka, matiresi atamwa madzi, sefuliya ikuyandama pabalaza.

Ndinathamangira kwa a Gondwe. Ndawalakwira chiyani anthuwa?

Anaseka mpaka kutsokomola. "Asambizgi, munthu akakoka boti amapita ndi dende. Ndiwo! Kaya mwapha zambiri, kaya zachepa, kadzanja ka usipa kamatuluka ndithu. Boti ili ladyetsa doko lino zaka na zaka. A NyaMhango aja ana awo anakulira pachingwe chimenechi. Sono imwe mukuwapatsa yewo. Yewo amathira mchere?"

Safunsa anadya phula, abale. Ine ndinkayesa kuti ndagula matabwa ndi misomali, osadziwa kuti boti limabwera ndi anthu ake.

Chomwe chinandichititsa manyazi n'chakuti mwambo umenewu si wachilendo. Kwathu munthu akakuthandiza kukumba kachewere, kodi amabwerera chimanjamanja? Wogwira mwendo wa mbuzi posenda sapita ndi kachiwindi? Ndinakulira momwemo. Koma ife a ntchito za boma tikangotumizidwa kutali timasanduka alendo osatha. Wotitungira madzi, wotinyamulira katundu padepoti, wotilondera pakhomo tikapita kutchuthi, onsewo timawalemba m'gulu la anthu abwino mtima, n'kuwapatsa zikomo wonenepa. Kenako tikaona kuti atizizirira timayamba kudandaula kuti anthu a dera lino ndi ovuta. Ovuta ndani?

Nzeru ndinaipeza, koma nsomba ndinalibe. Munthu wopanda ukonde agawa chiyani? Ndikagule usipa kwa anthu omwewo n'kuwagawiranso? Ndipo Loweruka linali litafika pakhomo. Ndinadziwa kuti a Nangozo akaona nyumba yopendekeka ndi mwamuna wosalankhulidwa padoko, akwera basi yomwe yawabweretsayo, ndipo ulendo uno sadzanenanso zoti ndidzawaitane.

Loweruka m'mawa a Nangozo anandipeza momwemo, madzi ali m'chiuno, ndikulimbana ndi chingwe ndekha. Anatsika panjinga yamoto ndi chikwama chawo, kumbuyo kutamangidwa thumba lalikulu la zakudimba, poti munthu wa ku Ntcheu sayenda wopanda katundu wa kumunda. Anayang'ana ine, anayang'ana boti, anayang'ana neti ya udzudzu ikupepeluka.

"Bambo a Chisomo, nyumba ija ndi imeneyi?"

"Ndi imeneyi, mayi."

"Nanga anzanuwa akungokuonererani bwanji?"

Ndinafotokoza zonse ndili m'madzi momwemo, za chingwe, za dende, za yewo wanga wosathira mchere. Sanaseke, sanakalipe. Koma mtima wanga unali utayamba kale kulongedza.

Kenako anamasula thumba lija. Anakwinya chitenje, analowa m'madzi, n'kuyamba kuponya kabichi m'boti. Kabichi wa kwathu, mitu yolimba ngati ya ana osamva. Anathiramo kachewere, anyezi, matimati. Atatha anatembenukira kudoko, manja m'chiuno, n'kukuwa ndi mawu awo a pamsika:

"Boti labwera ndi ndiwo uku! Kulibe amuna kuno?"

Abale, sindinaonepo doko likudzuka chonchija. Osoka ukonde anautaya, woyang'ana mapiri uja anali woyamba pachingwe. Nyimbo inabwerera, boti linauluka pamchenga mpaka linakaima pansi pa mtengo wa mango, a Gondwe akukuwa kumbuyo kuti, "Basi, basi, mulifikitsa kumsewu!" A Nangozo anakwera pathabwa lapakati n'kumagawa ngati akhala akuchita zimenezi moyo wawo wonse. A NyaMhango analandira mutu waukulu kuposa yonse, anaukumbatira, nati, "Mama, somba tatopa nazo. Boti ili lisagulitsidwenso!"

Anthu atabalalika mayi anakhala pansi pa lona, akupukuta mapazi. Kamphepo kaja kanabwera, kokhulupirika ngati kale. Ine ndinangoima potero, kudikira chigamulo.

"Matiresi awa akununkha," anatero. "Ndipo mbaula siikhala pafupi ndi neti, mudzatiwotcha. Ndibwerekeni foni."

Anaimbira achimwene awo kumudzi, kuwauza kuti akweze matumba ena a kabichi palole ya Lachitatu.

Lachitatu! Ndinatsala pang'ono kudumphira m'nyanja ndi chisangalalo, ngakhale kusambira sindinakuphunzirebe. Munthu wobwerera Lamulungu saitanitsa kabichi wa Lachitatu.

Ndiye mukamva kuti ku Chilumba kuli boti lopanda ukonde lomwe limakocheza ndi ndiwo zamasamba, musatsutse, ndi kwathu kumeneko, ndipo tsopano tilimo awiri. Koma musanabwere kudzationa, tayang'anani kaye pachingwe chanu. Alipo amene amakukokerani boti m'mawa uliwonse, kuofesi, kumpanda, kukhitchini. Kodi madzulo amapita ndi chiyani m'beseni?