Kudikira a Bukra

Dzulo, ndikufufuza m'sutikesi yakale ya bambo, ndinapeza tizibangili tinayi tapepala, tija amakumanga padzanja ukalipira pageti. Pompo ndinamva mchenga wa ku Doha ukulira m'mano.

Bambo anali gadi kumeneko. Anakhetsa thukuta ndi ovataimu chaka chathunthu kuti amayi, mkulu wanga Tadala ndi ine tikawaone. Ofu anawapatsa tsiku limodzi lokha, lomaliza la ulendo wathu, ndipo bambo anatitengera kupaki ya masewera. Titangolowa, kunabuka chimphepo chafumbi. Kasitima kothamanga m'mwamba, kamene ankatilonjeza pafoni, anakatseka ndi tcheni. Ayisikilimu ankasungunukira m'zala zathu, atadzaza mchenga.

Bambo anavula chipewa n'kuchonderera mkulu woyendetsa kasitimako kuti anawa achokera kutali. Iye anangokupiza dzanja. "Bukra, bukra!"

Ine ndinkayesa kuti a Bukra ndi abwana osunga kiyi. Ndinakakamira patchenipo, n'kumafunsa aliyense wovala mkanjo woyera: "Pepani, ndinu a Bukra?"

"Bambo a Tadala, tiyeni tizipita, anawa apsa," anatero amayi.

"Ayi! Ndalipira ine. Atsegula basi."

Tinakhala pomwepo mpaka milomo inang'ambika. Nditaona maso a bambo ali psuu, ndinawagwira dzanja. "Adadi, musalire. A Bukra abwera."

"Ndi fumbili, mwanawe," anandiyankha, akuyang'ana kumbali.

Ndinadziwa nditakula kuti bukra m'Chiarabu ndi mawa. Bambo ankadziwa kale, ndipo ankadziwanso kuti mawalo ife tidzakhala tili m'ndege.