Mabotolo Atatu a Mwana Wanga

Mwana wanga wachiwiri anzake a kuntchito amamutcha a Mphuno. Musaganize kuti mphuno yake ndi yaikulu. Mphuno za kwathu n'zabwinobwino, wotsutsa abwere adzaone zithunzi. Dzinalo linabwera chifukwa cha zimene mphunoyo inkachita. Ali wamng'ono ankati akalowa m'nyumba, asanatule n'komwe chikwama cha sukulu, amvekere: "Amayi, kunabwera azakhali eti? Sopo wawo uja ndamumva." Ndikabisa malalanje pansi pa bedi ndinkangodzivuta.

Atakula analembedwa ntchito pakampani ya alonda, ndipo patapita zaka zochepa anamupatsa makiyi a chipinda chosungiramo mfuti. Anakhala m'menemo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Ine sindinalowemo, saloleza, koma ndinasuzumirapo pakabowo kachitsulo kamene alonda amalandirirapo mfuti. Kachipinda kopanda zenera, chitseko chachitsulo, tebulo lalitali loyalapo bulangete lakale, mfuti zili ndandanda kukhoma. Pashelefu panali mabotolo atatu.

Anandifotokozera kangapo mpaka ndinaloweza. "Loyambali ndi mankhwala olusa, amayi. Amadya mwaye wa onga wotsalira mumpope wa mfuti. Koma mukawasiya pachitsulo chimauma gwa, mawa lake dzimbiri. Lachiwirili ndi oyilo wopepuka, kadontho kamodzi pamene zitsulo zimakhulana. Lachitatuli ndi oyilo wolemera, wa nyengo ya mvula." Kampani inkagula zonsezi m'zigubu zikuluzikulu zokhala ndi mapepala ofufutika, iye n'kumathira m'mabotolo akewo. Sankalembapo kanthu. Alembenji? Kutsegula, kununkhiza, basi wadziwa.

Alonda ankamuopa. Wina anapaka mfuti mafuta ophikira poganiza kuti sadziwika. Mwana wanga atangoilandira pakabowo paja anati, "Achimwene, mfutiyi mukufuna muikazinge? Anyezi mwabweretsa?" Mafuta ophikira amamata ngati ulimbo, fumbi n'kukakamira, tsiku loti mfuti ilire imangokuyang'ana. Ogulitsa akabwera ndi mankhwala atsopano, bwana ankawatumiza kwa iye. Akanunkhiza n'kupukusa mutu, malonda athera pomwepo.

Mwana wake woyamba, mdzukulu wanga wamkazi amene ndimamutcha Sajeni chifukwa anayamba kutilamula asanamere mano, nayenso analowa ntchito pakampani yomweyo. Amalondera nyumba yosungiramo mankhwala a m'zipatala. Mfuti imene ankanyamula inkadutsa m'manja mwa bambo ake m'mawa uliwonse, ndipo ine mtima unkakhala m'malo chifukwa cha zimenezo.

Lamlungu lina masana onse anabwera kwanga. Sajeni anali ndi khanda la miyezi inayi, atatsala pang'ono kubwerera kuntchito. Mwana wanga analinyamula, akuliseweretsa pachifuwa, akulipsompsona m'khosi. Khandalo linachita zimene makanda amachita. Fungo linadzaza pabalaza, apongozi anga, mkazi wa a Mphuno, anathawira kukhitchini, Sajeni akuseka n'kumafufuza thewera m'chikwama. Koma a Mphuno ali phee, nkhope ili pamimba pa mwana, akuimba.

"Ababa, mwatani kodi? Simukumva?" anatero Sajeni.

"Ndikumva, ndikumva," anayankha msanga. "Za mdzukulu sizinunkha."

Onse anaseka. Ine sindinaseke. Mwanayu ndinamubereka ndine, akanama khutu lake lakumanzere limagwedera.

Ndinamuitanira kuseri kwa nyumba ngati ndikufuna andionere mpopi wodontha. Ndinasenda lalanje n'kumuyandikizira. "Tsinzina. Ichi n'chiyani?"

Sanatsinzine. Anangokhala pansi pamwala wochapira zovala, munthu wa imvi zake.

"Chatha chaka ndi theka, amayi. Zinayamba pang'onopang'ono. Adokotala akuti mwina ndi mankhwala olusa aja, kuwapuma zaka zonsezi m'chipinda chotseka. Tiyi ndimamwa ngati madzi otentha. Mwanayu ndimamuika pamphuno pompa, osamva kanthu. Amayi, paja mutu wa khanda umamveka bwanji?"

Ndinaika lalanje lija pambali. Ndinafunsa za mabotolo.

"Ndimadziwa pamene lililonse limakhala. Chonde musauze munthu. Akadziwa anditengera makiyi, ndiye ndidzakhala ndani ine?"

Apa ndiye pamene ndinalakwa, ndipo ndikulemba kuti adzukulu anga adziwe kuti agogo awonso amalakwa. Ndinamumvera chisoni kuposa mmene ndinayenera. Ndinamuuza kuti azibwera nawo mabotolowo akathiramo zatsopano. Ine ndinkanunkhiza, chifukwa mafungowo ndinawazolowera pochapa maovolosi ake zaka zimene anali asanakwatire, kenako ndinkamanga ulusi pakhosi pa botolo. Wofiira pa mankhwala olusa, woyera pa oyilo wopepuka, wakuda pa wolemera. Zinayenda choncho miyezi isanu, ine n'kumadziona ngati wochenjera.

Kenako kampani inasintha kogula. Zigubu zatsopano zinabwera, ziwiri mwa izo zoyera mbuu ngati madzi, fungo lake lachilendo, lokhala ngati la mandimu zonse ziwiri. Ndinanunkhiza ili, ndinanunkhiza ilo, mpaka mutu unandiwawa. Ndinamanga ulusi mongoganizira. Sindinamuuze kuti ndikukayika.

Patatha milungu itatu Sajeni anafika kwanga dzuwa likuswa mtengo, yunifolomu ili m'thupi, osapereka n'komwe moni.

"Agogo, lero tinali koyeserera kuwombera. Yanga yalira kamodzi, kachiwiri yakana. Aphunzitsi ataitsegula apeza m'kati mouma, dzimbiri lili waa. Ndawanamiza kuti inandinyowera ndi mvula ndipo sindinanene. Andilembera chenjezo." Anandiyang'ana ndi maso ake aukali aja. "Mvula yake iti, agogo? Ababa akudwala chiyani? Inu mukudziwa, ndaona maulusi anu pamabotolo paja."

Kunali koyeserera, inde. Nanga kukanakhala kuntchito kwenikweni, akuba ali pageti? Kamwana kaja kakanayamwa kwa yani?

Ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi n'kukwera basi. Mlonda wa pageti anayamba kundifunsa za chiphaso, ndinamuuza kuti chiphaso changa ndi anthu awiri amene ndinaipatsa kampani yake. Ananditsegulira. Ndinafika pakabowo kachitsulo kaja ndi kugogoda.

"Amayi! Kwagwanji?"

"Ulusi ndinamanga molakwika ndine. Koma amene wakhala akupaka mankhwala olusa pamfuti ya mwana wake, akuyesa oyilo, ndiwe. Mwanayo wasenza mlandu wako lero. Ndiye sankha, upita wekha kwa bwana kapena ndikuperekeze?"

Ndinkangoona manja ake pabulangete paja, zala zakuda m'mizere, akusisita kansanza.

"Zingati zimene wapaka?" ndinafunsa.

"Zonse, amayi. Makumi anayi ndi ziwiri."

Anatseka kabowo. Ndinamva makiyi akulira, chitseko chachitsulo chinatseguka, anatuluka atavula ovolosi, malaya atapisira bwinobwino. Anandidutsa osandiyang'ana n'kukwera masitepe opita ku ofesi. Sindinamuperekeze. Ndinakhala pabenchi ya alonda mpaka anatsika, ndipo ndikunena pano kuti pa ana anga onse asanu, sindinanyadirepo wina ngati mmene ndinamunyadira iyeyo akukwera masitepe amenewo.

Bwanayo anakalipa, n'zoona, anali ndi chifukwa. Koma chenjezo la Sajeni analing'amba tsiku lomwelo. Mfuti zonse zinaitanidwa, mwana wanga anazimasula imodziimodzi masiku anayi, akuwerenga mapepala amene ogulitsa anachita kubweretsa. Anamusiya miyezi itatu kuti aphunzitse wolowa m'malo mwake, mayi wina wodekha amene amalemba botolo lililonse ndi zilembo zazikulu ngati chikwangwani cha sitolo. A kampani anaboola khoma n'kuika zenera, anagula magolovesi ndi zotseka kumphuno. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zenera limenelo linali kuti? Ndinawafunsa, ndipo ndidzawafunsabe.

Sajeni sanalankhule ndi bambo ake kwa mwezi wathunthu. Kenako tsiku lina anangobwera n'kuwatula khanda pamiyendo, amvekere, "Gwirani, ine ndikukasamba." Kwathu kukhululuka kwake n'komweko.

Masiku ano mwana wanga amakhala pakhonde panga masana, chifukwa adokotala anati azikhala kunja kumphepo, mwina mphuno idzabwerera, mwina ayi. Anthu amamubweretsera maloko ouma, makina osokera, matcheni a njinga. Amagwira bwino ntchito, koma ndimamuona. Akatsegula kabotolo ka oyilo, dzanja limapita lokha kumphuno, n'kuima panjira, n'kubwerera. Anzake akale akamadutsa amakuwabe kuti, "A Mphuno, muli bwanji?" Iye amayankha moseka, ine zimandilasa.

Ndimalakalaka tsiku limodzi lokha atalowa m'nyumba muno n'kundidzudzula kuti ndapsereza mkaka. Ndimachita kuupsereza dala nthawi zina, kenako n'kumadikira pakhomo.

Dzana mvula yoyamba inagwa. Fumbi la pabwalo linanyowa, ana a pamsewu akukuwa, aneba akutuluka kudzapuma fungo la dothi. Mwana wanga anasiya loko amene ankakonza, anatsika pakhonde n'kuima pamvula pomwepo, akukoka mpweya ndi mphamvu mpaka mapewa kukwera. Anatembenuka, madzi akuyenderera m'ndevu.

"Amayi, lilipo?"

"Lilipo, mwana wanga. Lambiri."

"Chabwino," anatero. "Ndiimeko kaye pang'ono."

Ndinamusiya. Ndinangolowetsa zida zake kuti zisachite dzimbiri.