Pulayala yokhota kukamwa

Ayi, pulayalayo sinasowe, ili ndi ine. Lemba choncho, bambo ako asavutike kufunafuna m'bokosi la zitsulomo.

Zitsulo zimenezo agogo ako aamuna anabwera nazo kuchokera ku Halale, kumene ankagwira ntchito pagalaja. Ankati ndi zomasulira giyabokosi ya galimoto zija zosintha magiya zokha. Nanga kuno kwa Kuntumanji galimoto yotero ukanaiona kuti? Ife tinkadziwa lole ya matemba basi, nayonso yochita kukankha. Koma Loweruka lililonse ankaziyala pamkeka, kuzipaka oyilo, n'kuzibwezera.

Chaka chimene nyanja ya Chilwa inaphwa, njala itatipana, ndinawakakamiza kuti akazigulitse ku Songani. Anabwera nazo zonse. Akuti wokonza njinga anangowafunsa ngati zili zozulira mano.

Madzi atabwerera, ine ndinatengako pulayala yokhota kukamwayo. Mlamba ukameza mbedza, iyo imalowa mpaka kukhosi n'kuitulutsa bwinobwino. Agogo akowo atandipeza nayo anangoti, "Mukatha muziipukuta." Ndimaipukutabe.

Ndiye bokosilo atenge, azikakonzera magalimoto akewo. Pulayalayo adzaitenga ine ndikapita. Walemba zonse? Tumiza pompano.