Chitseko Chomwe Anatsekera Amama a Usipa

Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Zomba ndi ntchito ya boma, ndipo nyumba yomwe ndinapeza ku Katawa inali ndi chipinda chongokhala. M'menemo ndi momwe munadzalowa mtsikana wa ku Ulaya amene anabwera kudzaphunzira pa yunivesite. Kwawo kunali mumzinda wa doko, komwe bambo ake ankatsitsa katundu m'sitima za pamadzi. Atangofika anandifunsa njira ya kudoko. Ndinaseka, n'kumuuza kuti kuno tili ndi mapiri, mitengo ya paini ndi mvula yowaza, doko lili kumunsi ku Nkhata Bay.

Mwanayo anali ndi mapazi oyabwa. Loweruka ali pa kabaza wa ku Zolozolo, Lamulungu ali ku Mchengautuwa kukamvera kwaya m'tchalitchi chomwe sanachidziwe n'komwe. Koma akabwerako ankangokhala duu pakhonde. Anali atapukwa kwawo, ndipo ankandimvetsa chisoni.

Amene anamutsitsimutsa anali amama a nyumba yachitatu kuchokera pathu, Atumbuka ogulitsa usipa mumsika waukulu. Anamuphunzitsa kumanga chitenje ndi kunena "yewo" mawondo atapindika. Popeza usipawo ankakaoda ku Nkhata Bay, anamulonjeza kuti adzamutenga tsiku lofika sitima. Mtsikanayo sankakambanso china m'nyumba koma ulendowo.

Tsiku lina ine ndili kuntchito, amama anabwera ndi nthochi kudzacheza naye. Potsanzikana, mtsikanayo anawathokoza bwinobwino, n'kutseka chitseko iwo asanatsike n'komwe pakhonde. Kwawo ku Ulaya amatero, poopa kuti chisanu chingalowe m'nyumba.

Amama sanapondenso pathu. Tsiku la ulendo linafika, mtsikanayo atavala kale nsapato, iwo n'kudutsa pamsewu ndi dengu lawo osacheuka. Mwanayo anabwerera m'nyumba maso ali pansi.

"Anti, ndawalakwira chiyani?" anandifunsa.

Inenso sindinadziwe, choncho ndinapita kukawafunsa eni ake. Ndinawapeza akusankha usipa pakhomo.

"Amama," anandiuza, "ine ndine wamkulu chomene kuti mwana anditsekere chitseko kumsana ngati ndinabwera kudzapempha mchere. Ngati ndinamutopetsa, akanangonena."

Nditabwerera ndinamukhazika pansi. Ndinamuuza kuti kuno mlendo timamuperekeza, kumunyamulira kathumba kake mpaka pamsewu, ndipo nkhani zina zokoma zimatuluka panjirapo. Nkhope yake inafiira ngati tomato. M'mawa mwake anamanga chitenje n'kupita yekha kukapepesa. Amama anamusiya ayankhule Chichewa chake chopunthwa mpaka kumapeto, kenako anamupatsa mpando.

Atadzachezanso pathu, mtsikanayo anawaperekeza ndi mtima wonse, mpaka pakhomo pawo penipeni. Pamenepo mlendo anasanduka iyeyo, ndiye amama anamuperekezanso. Atafika pathu, iye anatembenuka kuti awabwezenso. Ine ndinali pakhonde, nthiti zikupweteka ndi kuseka. Ndinachita kumugwira dzanja n'kumuuza kuti woperekeza amabwerera panjira, apo ayi agonera mumsewu.

Ku Nkhata Bay tinapita tonse atatu, pa minibasi yomwe inkakhotakhota potsika mapiri. Ndi manyazi ndinawauza kuti zaka zonsezi ndinali ndisanafikeko. Padoko panali piringupiringu, matumba a chimanga, malata, mbuzi zomangidwa miyendo, anthu akukuwirana m'Chitonga. Sitima italiza hutala, mtsikanayo anangoima chilili. Anati fungo la dizilo ndi nsomba ndi lomwe linkamveka m'malaya a bambo ake akaweruka. Analira pang'ono, amama n'kumupukuta ndi nsonga ya chitenje.

Mlendo ndi mame. Maphunziro ake atatha, anasankha kutsikira kummwera pa sitima yomweyo asanakakwere ndege. Amama anasiya benchi yawo yamumsika tsiku lonse kuti amuperekeze, ndipo chikwama chachikulu anachisenza okha pamutu, osalola munthu kuchikhudza.

Inenso ndinapita nawo kudoko. Inali nthawi ya masana, dzuwa likuswa mtengo. Sitima itayamba kuchoka, ine ndinabayibitsa kawiri, n'kutembenuka kuti tikapeze malo mu minibasi. Mtima unkandiwawa, ndipo sindinafune kulira pagulu. Amama anandigwira pamkono.

"Yayi, amama, dikirani. Mwana wathu akutionabe. Tisamupatse msana."

Ndinabwerera n'kuima pambali pawo. Minibasi inadzaza n'kutisiya. Tinaimabe padzuwapo mpaka sitima inakhota kuseri kwa phiri, ndipo pamenepo m'pamene amama anatsitsa dzanja lawo.