Diresi Loyera pa Njinga Yopanda Mabuleki

Ndikukumbukira njinga ya bambo anga kuposa momwe ndimakumbukirira nkhope za anzanga a kusukulu, ndipo musaganize kuti ndimaikumbukira mwachikondi. Inali yakuda, yaitali, ndipo pa kaliyala pake pankakwera chilichonse: thonje, mbuzi, nthawi zina amayi. Kwathu kwa Makhuwira dziko ndi lathyathyathya ngati mphasa, choncho mabuleki atadyeka bambo anangowachotsa, amati amangolemetsa njinga. Akafuna kuima ankaponda tayala lakutsogolo ndi nkhwayira yawo, basi. Madigadi nawo anawachotsa, chifukwa makande a kwathu mvula ikagwa amamatirira m'kati mpaka tayala kuleka kuzungulira. Chimene anachisiya ndi belu, ndipo ankalipukuta Lamulungu lililonse mpaka kuwala.

Chaka chimenecho ndinkayenera kulandira komunyo yoyamba. Wansembe ankafika ku katchalitchi kathu mwa apo ndi apo, ndipo mwambo umenewu unkachitika kamodzi pachaka. Chaka chapitacho malungo anandigoneka tsiku lomwelo, ndiye ndinabwereza kalasi ndi tiana tofika m'phewa mwanga, timene tinkandiitana kuti "amayi a kalasi". Ndinalumbira kuti ulendo uno sindiphonyanso, ndiponso kuti ndikalowa ndi diresi loyera kuposa la wina aliyense. Amayi anagula nsalu, koma makina osokera anali ndi azakhali a Rozina, mlongo wa bambo, amene anakwatiwa kumtunda, kumapiri a ku Thyolo. Ndinakwera phiri ndi azimayi okasinthitsa nsomba zouma ndi nthochi, n'kukhala kumeneko sabata yathunthu azakhali akundiyeza ndi kundibaya ndi mapini.

Tinapangana kuti bambo adzanditenga Loweruka m'mawa, titsike pang'onopang'ono masana. Koma Lowerukalo kunali msika wa thonje, ndipo bambo anga sankatha kudutsa anthu awiri akucheza osakhala wachitatu. Anafika dzuwa litapendeka, akukankha njinga, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Tinagona komweko. Kutacha, Lamulungu la komunyo lenilenilo, kunja kunali chiperoni, kamvula kowaza kaja kamene sikamveka padenga koma kamanyowetsa chilichonse. Kwathu kuchigwa mwezi umenewo kumakhala fumbi lokhalokha, ndiye bambo anangoyang'ana kumwamba n'kunena kuti imeneyo si mvula.

"Achimwene, diresili timange m'kansalu, akavale akafika," anatero azakhali.

"Nkhabe, ayi! Likwinyika, ndiye simbi tikaipeza kuti nthawi ino? Avale pompano, tikangofika alowe."

"Chabwino, koma mudzere kumsewu."

Bambo anagwira thumba la malaya, nkhope n'kusintha. Khadi la chipani anali ataliiwala m'malaya ena. Masiku amenewo pamsewu pankaima anyamata ofunsa makhadi, ndipo wopanda khadi ankamukhazika pansi mpaka iwo atafuna. Kunatsala kanjira ka m'nkhalango, ka anthu otola nkhuni, kotsika molunjika kuchigwa.

Azakhali ataona kuti pa mahandulo palibe chogwira, anagwira pakamwa. "Paphiri, njinga yopanda mabuleki? Mufuna mundiphere mwana?" Anatenga chikwanje n'kudula nthambi yaikulu ya msuku, ya masamba ake omwe, naimangirira ndi luzi kumbuyo kwa kaliyala. Ndi mmene anthu a kumapiri ankatsikira: nthambi imakwekwereza pansi n'kumaigwira njinga kuti isathamange. Bambo anaizungulira nthambiyo ngati akugula ng'ombe, kenaka anati kukula kotereku tikafika mawa, naisadza mpaka kutsala theka. Azakhali anangopukusa mutu. Anandikulunga chitenje chawo kuyambira m'khwapa mpaka kumapazi, n'kundinong'oneza: "Felista, chitenje ichi usavule, ngakhale akuuze ndani."

Poyamba zinkayenda. Ndinakhala cham'mbali pa kaliyala, dzanja lili pa lamba wa bambo, nthambi ikusesa kumbuyo kuti phwaa, phwaa. Nkhalangoyo inali yowirira, mitengo ya mombo ndi misuku itakumana pamwamba, ndipo munkanunkhira masamba ovunda ndi dothi lonyowa. Nsungwi zinkatikwapula m'masaya ndi madzi ozizira. Kanjirako kanali kofiira ndi katondo, kodzaza mizu ndi miyala, ndipo muzu uliwonse ndinkaumva m'mano. Anyani anatiyang'ana ali pathanthwe, osathawa n'komwe. Bambo ankaimba likhweru nyimbo ya kutchalitchi, ndipo ine ndinayamba kuganiza kuti mwina azakhali amangochita mantha.

Kenaka nthambi inakola muzu, luzi n'kuti duu! Njinga inalumpha ngati mbuzi yomasulidwa pachingwe. Mitengo inayamba kudutsa mosaoneka bwino, mphepo ikulira m'makutu. Ndipo bambo anga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, anayamba kuliza belu. M'nkhalango mopanda munthu! Kaya ankachenjeza anyani kaya miyala, mpaka lero sindidziwa. Anaponda tayala monga mwa chizolowezi, koma tayala lonyowa la katondo si tayala la fumbi la kwathu. Nkhwayira inaterera n'kuulukira kutchire. Ndinatseka maso, ndikungomva kanthu kakukhula kutsogoloko, mpaka tinakaima titalowa theka m'phata la nsungwi.

"Pyadidi, zayenda bwino, taima," anatero bambo, ngati ndi pomwe ankafuna kuimira. Anabwerera kukatenga nthambi ija akuyenda motsimphina, ine n'kumati ndi chifukwa cha nkhwayira imodzi. Luzi linali litathetheka. Anayang'ana uku ndi uku, kenaka maso awo anagwera pa ine.

"Vula chitenjecho, mwanawe."

"Azakhali anati ndisavule."

"Azakhali akowo ali pano?"

"Baba, mombo uli ponseponse, tisende luzi lina."

Mpeni analibe. Ndipo pamalo pamenepo mitengo inali itatseguka, chigwa chonse chikuoneka pansi, Shire akunyezimira patali, komanso denga la malata la katchalitchi kathu. Chapansipansi tinamva chitsulo choyamba chikulira, chitsulo cha gudumu la galimoto chimene ankachimenya poitana anthu. Ndinavula chitenje ndikulira ndi ukali. Bambo anachipota, namangira nthambi, n'kundiuza kuti ndikhale motang'aza ngati mnyamata kuti ndisagwe. Ndinapinda diresi kutsogolo mosamala kwambiri, kuopa tcheni.

Chitenje chinagwira bwino kuposa luzi, chimenecho sindingakane. Tinatsika njira yonse yotsalayo osagwa. Kumsana ndinkamva timadontho tozizira tikundimenya, ndipo ndinkati ndi madzi a m'masamba. Mwana wa kuchigwa ndikanadziwa bwanji chimene tayala lopanda madigadi limachita pa katondo wonyowa? Titafika pansi chiperoni chinatsalira kumapiri, dzuwa la kwathu linatilandira, ndipo kumsana kunayamba kuuma gwa ngati chikuni.

Tinafika anzanga akuima pamzere panja pa tchalitchi. Ndinatsika monyadira, poti kutsogolo diresi linali mbee, ndipo palibe amene anali nalo lotero. Amayi anathamanga kudzandikonza kolala, nanditembenuza. "Mayo ine!" Kuyambira kumpendero mpaka m'tsitsi munali mzere wofiira, waukulu ngati chikhatho. Anapempha madzi n'kuyamba kupukuta ndi mpango, koma katondo sachita naye choncho. Mzere uja unangofalikira msana wonse.

Bambo anasuzumira, naona, nati: "Palibe kanthu. Wansembe aona kutsogolo kokha."

"Nanga mpingo wonse ukhala kuti?" anafunsa amayi.

Nthawi yomweyo chitsulo chomaliza chinalira. Amayi anandifunsa ngati ndingadikire chaka china. Ndinayang'ana tiana tija, n'kulowa pamzere. Poti ndinali wamtali kuposa onse, anandiika kumapeto, kopanda wonditchinga. Ndinayenda tchalitchi chonse kuchokera kukhomo mpaka kuguwa ndikumva kuseka kotsekereza m'manja, benchi ndi benchi. Anatiphunzitsa kuti tikalandire ndi mtima woyera wopanda mkwiyo. Ine ndinalandira ndikutukutira, misozi ili m'maso, ndipo ndikhulupirira kuti Mulungu anamvetsa, poti bambo angawo anawalenga ndi Iye.

Potembenuka kubwerera pamalo, ndinawaona bambo ataima pakhomo penipeni kumbuyo. Phazi limodzi linali m'nkhwayira, linalo analikulunga ndi kansalu kong'amba ku chitenje cha azakhali, ndipo kufiira kwa kansaluko sikunali kwa katondo. Kukhula kuja ndinkakumva nditatseka maso chinali chidendene chawo pa tayala. Anandigwedezera mutu, akumwetulira ngati munthu wopambana mlandu.

Chilondacho chinawakhazika pakhonde mpaka anzawo anamaliza kuzula mapesi a thonje. Amayi ankachitsuka ndi madzi amchere uku akuwalalatira, azakhali anatumiza mawu okhudza chitenje chawo amene sindingawalembe pano, ndipo diresi lija, ngakhale tinalichapa kangati, linakhala lofiirira mpaka kutha kwake. Koma kuti bambo avomere kuti njinga imafuna mabuleki? Ayi ndithu. Aliyense akaiyamba nkhaniyi, iwo ankangofunsa kuti, "Tinafika kapena sitinafike?" Anakalamba nalo funso limenelo, ndipo njinga anaisiya ilibe mabuleki.

Lero nkhalango ija yatha ndi makala. Kanjirako kalipo, koma ndi kopanda mthunzi, ndipo nthambi yoti umange kumbuyo kwa njinga uchita kuifunafuna. Pamsewu palibenso wofunsa khadi, ndipo mwana wofulumira kutchalitchi amangokwera njinga yamoto. Chimene chimandidabwitsa n'chakuti mdzukulu wanga wa ku Blantyre ndi anzake amachita kufunafuna tinjira totere dala, amati ndi masewera. Amavala zipewa zolimba, njinga zawo n'zamagiya, ndipo madigadi alibe, mwadala.

Mwezi wathawu anatsika phiri lomwelo kudzandiona. Anafika pakhomo akuseka, nanditembenukira kuti ndione msana wake: mzere wofiira kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. "Agogo, taonani! Kukoma kwake n'kumeneku." Ndinanyamuka n'kukafinya mabuleki a njinga yakeyo onse awiri. Akumbuyo sankagwira. Ndinayamba kumukalipira, mawu onse amene ndinawasunga kuyambira tsiku la komunyo lija, koma iye anangokweza mapewa.

"Nanga sindinafike, agogo?"

Ndinakhala pansi pakhonde. Mwanayu bambo anga sanawaonepo n'komwe.