Holo Imene Inatenga Dzina la Mlamu Wanga

Njerwa za holo ya pa sukulu ya aphunzitsi ija ndinaumba nawo ine. Nthawi imeneyo tinali titangowoloka kuchokera kwa Apwitikizi, ine ndi banja langa ndi mlongo wanga, ndipo ntchito imene ndinapeza pa mishoni, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, inali ya dothi. Tinkaponda matope m'mbali mwa mtsinje n'kumathira m'zikombole. Tikawotcha, akazi ankasenza njerwazo kupita nazo kumtunda.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wangayo, sanali woumba. Anali m'gulu la amtengatenga amene ankapita ku Chiromo kukatenga katundu wa azungu. Kumudzi ankaliza kaligo, choimbira chija cha chingwe chimodzi, ndipo anthu ankangomudziwa ndi zimenezo basi. Ulendo wina anabwera ndi chibokosi cholemera, atachipachika pa mtengo anthu anayi. Atachitsegula munali limba, lija lopondaponda ndi mapazi kuti lipume.

Mwini wake anali dona wina, mkazi wa mphunzitsi wamkulu. Popeza holo inali isanafoleredwe, limbalo linkakhala pakhonde la nyumba yake. Tsiku lina dona anapeza mlamu wanga akuyesa ndi chala chimodzi nyimbo imene anaimva dzulo lake. Sanamuthamangitse. Anamuonetsa poika zala, ndipo kuyambira pamenepo ankamuitana masana aliwonse akakhala kuti sali pa ulendo. Timadontho ta m'buku la nyimbo sanatiphunzire mpaka imfa yake. Ankangomvera kamodzi kapena kawiri, n'kuyamba.

Ndinamufunsa tsiku lina tili kudimba.

"Alamu, chinthu cha azungu chija mumachimva bwanji?"

"N'chimodzimodzi kaligo, alamu," anayankha. "Kungoti chija chili ndi mano ambiri."

Holo itatha, dona anadwala malungo kawirikawiri mpaka anamubweza kwawo. Limba analisiya. Panalibe wina wodziwa kuliimba, choncho mlamu anasiya za mtengatenga n'kumaimbira ophunzira m'mawa uliwonse, ndi pa Sabata, ndi pa tsiku lotsekera sukulu. Ankakhala pa kampando kopanda choyedzamira, wopanda nsapato, chifukwa ankati ndi nsapato samva mmene limba likupumira.

Kuno chinyezi sichisiya kanthu. Patapita mvula zingapo, mvukuto wa m'kati mwa limba unaola. Mlamu anabwera kwa ine kudzapempha chikopa cha mbuzi imene tinapha pa chinkhoswe cha mwana wanga. Anachifufuta, n'kuchisoka monga mmene osula makasu amasokera mvukuto wawo. Limba linayambanso kulira, koma lili ndi kaphuma pang'ono pa mawu apansi. Ophunzira anazolowera, ndipo ena ankadikira kaphumako kuti adziwe poyambira ndime.

Sindikudziwa amene anayamba kutchula holoyo ndi dzina lake. Ndinangomva ophunzira akuuzana kuti akakumane kwa uje, akutchula mlamu wanga, pamene akunena nyumbayo.

Nkhondo ya Ajeremani itafika, ankafuna amuna onyamula katundu wa asilikali, makamaka odziwa kale ntchitoyo. Mlamu anatengedwa. Ine anandisiya chifukwa mwendo wanga wina unali wovulala. Mlamu anabwera patapita mvula ziwiri, atawonda, akutsokomola. Miyendo inalibenso mphamvu yopondera limba. Ankakhala pambali, wophunzira wina akuimba, iye akugogoda pansi ndi ndodo kuti nyimbo isathamange. Anamwalira m'chilimwe chotsatira. Tinamuika kumudzi, ophunzira anabwera n'kuimba pakamwa pokha.

Pambuyo pake akuluakulu a sukulu anakhala pansi kuti holo ikhale ndi dzina lolembedwa. Ndinamva kuti ena ankafuna la dona, popeza limba linali lake. Koma dzina linalo linali litazika kale mizu pakamwa pa anthu, ndipo anangolisiya momwemo. Analemba pa thabwa n'kukhoma pamwamba pa chitseko.

Ndinaperekeza mlongo wanga kukaona. Tonse awiri sitinkadziwa kuwerenga, ndiye tinapempha wophunzira wina kuti atiwerengere. Anatchula mmene azungu ankatchulira.

"Amayi ake sankaitana choncho," anatero mlongo wanga. "Koma asiyeni, achimwene, akhoma kale."

Tinabwerera, iye n'kupita kumunda wake wa nandolo.

Patapita zaka zambiri, holo ili kale ndi malata m'malo mwa udzu, anandiitana kukakonza khoma la kum'mawa limene linang'ambika. Ophunzira atsopano ankaima n'kumandionerera. Mmodzi anandifunsa ngati mwini dzinalo anali mzungu wa kuno kapena wa ku Kabula.

"Sanali mzungu," ndinatero. "Anali mlamu wanga."

Anaseka, poganiza kuti ndikucheza. Ataona kuti sindikuseka, wina anafunsa kuti, "Nanga agogo, ankaimba bwino?"

Ndinamuuza kuti za limba ine sindizidziwa, koma anthu ankadzaza mpaka m'mawindo. Kenaka ndinamupempha kuti asunthe, chifukwa anali ataponda matope anga.