Ngongole ya Matabwa

Bambo anga anamwalira ku Mabvuku, kuno kudziko la eni kumene anadzagwira ntchito, chaka chija ndalama zinasanduka mapepala wamba. Mtengo wa bokosi la maliro unkasintha munthu uli chiimire pamzere. Ine ndinali waganyu chabe, wonyamula katundu m'madepoti a ku Workington, ndipo m'thumba munalibe ngakhale yokwerera kombi, minibasi ya kuno.

Amene anatichotsa manyazi ndi mkulu wina wa nyumba yogundana ndi yathu. Iwo ndi bambo anga anachoka limodzi ku Malawi ali anyamata, nakalambira pa famu imodzi ya fodya mpaka pamene tonse tinathamangitsidwa. Analibe mkazi, analibe mwana. Chuma chawo chinali matabwa a mlombwa amene ankasunga kunsi kwa bedi. Madoda ena obwera ankachita choncho, kusungiratu matabwa a bokosi lawo, poti kuno kulibe mbale wodzawathamangira.

Anawatulutsa okha, nawapukuta fumbi ndi malaya akale.

"Tenga ukaike bambo ako," anandiuza. "Koma usadzandibweretsere mari yanu, ndalama zowolazi. Ndakubwereka matabwa, udzabweze matabwa."

Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhalenso m'malo. Mkuluyo anali ndi chifuwa, ndipo khoma lathu linali limodzi. Akakhosomola ndinkasiya kutafuna. Ndinkaopa kuti adzatisiya ndisanabweze, adzapita kumanda atakulungidwa m'bulangete chifukwa cha ine. Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi, ndipo chimenecho ndicho chinkandiwawa kwambiri.

Ndinayamba kupempha akapitawo kuti azindilipira matabwa m'malo mwa ndalama. Anzanga ankandiseka kuti ndasanduka chiswe. Makondakitala nawo ankafuna kuti thabwa lilipire mpando wake, choncho nthawi zambiri ndinkalisenza paphewa mtunda wautali, njala ili m'mimba. Ndikafika nalo, mkuluyo ankaligogoda ndi chala, khutu lili pafupi.

"Ili ndi lofumbwa, mwana wanga. Ukufuna ndidzapulumukire pansi azimayi ali pakati pa nyimbo?"

"Ayi bambo, ndikasaka lina."

Pang'onopang'ono kunsi kwa bedi kunayamba kudzaza. Koma imfa inawapeza mkuluyo mvula itangoyamba, ine ndisanamalize. Kalipentala atayeza anati matabwa a pansi ndi a m'mbali akwana, koma a chivundikiro palibe. Anthu pasiwa anandilimbitsa mtima kuti ndisadandaule, tingophimba ndi nsalu, masiku ano aliyense akuchita zomwezo. Ankanena zoona, koma iwo sanali angongole.

Ndinabwereka hamala kwa kalipentalayo n'kukazula chitseko cha nyumba yathu. Mkazi wanga anakhazika mwana pansi, nagwirira chitsekocho kuti chisandigwere. Chinali cholimba, cholemera, ndipo ndisanachipereke ndinachigogoda ndi chala monga ankachitira mwini ngongole. Bowo la loko linatsala pachivundikiro, cha pachifuwa, ndipo tinalitseka ndi kachidutswa ka thabwa.

Tinakhala miyezi ndi miyezi pakhomo pali chiguduli. Mvula inkawaza mpaka pamphasa, agalu ankasuzumira, ndipo tikamachoka tinkasiya miphika kwa anzathu kuopa akuba. Komabe sindinakhalepo mfulu ngati masiku amenewo. Ndinkayenda mumsewu wa kwathu mutu uli m'mwamba, wopanda wondiwerengera kanthu.

Chokhacho chimene sindinazolowere ndi khoma lija. Ndikamadya ndinkatcherabe khutu, koma kuseri kwake kunali zii.